Kuwotcha nkhuku ndi mbuzi pa mpani wozungulira

Amene anayesapo akudziwa manyazi ake. Alendo akhala, nsima yaomoledwa kale, nkhuku ikuoneka yofiirira bwino pachitsulo. Mwaitsitsa, mwacheka pa ntchafu, m'kati muli psuu. Kapena mwendo wa mbuzi, kunja kwada ngati mphika wa nyemba koma pafupa pakuzizira. Ine zinandionekera pa chinkhoswe cha mlongo wanga kwathu ku Ntcheu. Mbuzi yonse inathera m'mapoto, amayi akuikazinga mothamanga anthu atasamba kale m'manja. Amalume sanakalipe. Anangondifunsa kuti, "Kodi mphwanga, mpani wa mbewa mumauzika pakati pa moto?"

Wokulira kumudzi aliyense amadziwa kuti powamba mbewa kapena nsomba, mpani umazikidwa pambali, moto uzingounyambita chapatali. Chitsulo chozungulirachi ndi mpani womwewo, kungoti wagona chopingasa ndipo ukutembenuka. Tikangochiona chachitsulo timaiwala zimene tinkadziwa, n'kusonkha moto wa kanyenya pansi pa nyama yochindikala ngati mtondo.

## Zofunika kusonkhanitsa

- Chitsulo cha mpani. Cha makona anayi chimaposa chobulungira chifukwa nyama siterereka. Cha nkhuku kapena mwendo wa mbuzi chitalike mita imodzi, kunenepa mamilimita 10 mpaka 12. Cha mbuzi yathunthu chitalike pafupifupi mamita awiri, kunenepa mamilimita 20 mpaka 25. Mbali imodzi ikhale yosongoka, inayo yopindidwa kukhala chogwirira popukusa.
- Mafoloko awiri achitsulo, a mano awiri kapena anayi, otha kusendera pa mpani n'kumangidwa ndi bawuti. Owotcherera zitsulo pa boma la Dedza, pa Lizulu kapena pa Ntcheu akhoza kukupangirani mukawajambulira papepala.
- Mphanda ziwiri zachitsulo zokhala ndi pokoleka patatu: masentimita 25, 40 ndi 60 kuchokera pa makala.
- Mgolo wodula pakati m'litali woikamo makala, kapena njerwa zokwanira kumanga kakhoma ka mizere itatu.
- Makala. Ndowa imodzi ikwana nkhuku ziwiri. Mbuzi yathunthu imafuna thumba lalikulu.
- Mbaula yapadera ndi kafosholo, zoyatsira ndi kutapira makala owonjezera.
- Waya wofewa, pulayazi, ndi chingwe cha khonje kapena cha thonje.
- Thireyi yachitsulo yolandira mafuta.
- Lata limodzi lotchingira mphepo.
- Mchere, adyo, jinja, mandimu, anyezi, tsabola wa kambuzi, mafuta ophikira.
- Mpeni wakuthwa, mbale zikuluzikulu ziwiri, madzi ndi sopo.
- Themomita ya nyama, ngati mungaipeze.

Chenjezo musanapite kwa owotcherera: paipi ya madzi yoyera ija, ndi waya wonyezimira wa mpanda, n'zokutidwa ndi zinki. Zikatentha kwambiri zimatulutsa utsi wodwalitsa, ndiye zisakhudze nyama kapena makala. Lata nalonso ndi la zinki, choncho liime chapatali ngati chotchinga chabe, musayatsirepo moto. Mgolo umene munali mankhwala a mbewu kapena a m'dibi usiyeni ngakhale akupatseni ulere. Wa mafuta ophikira ndiye wabwino, komabe muuwotche kaye wopanda kanthu mpaka penti yonse itayoyoka.

## Ndondomeko yake

### 1. Sankhani nyama yoyenera mpani

Nkhuku yachizungu ya kilogalamu imodzi ndi theka ndiyo yosavuta kuphunzirira. Ili ndi mafuta pansi pa khungu, ndipo imadzithira yokha ikamazungulira. Yachikuda imakoma kuposa, izi sitingatsutsane, koma tambala amene wakhala akulira zaka zitatu ndi wa mumphika. Mukamuika pa mpani mudya chikopa. Ngati mtima uli pa yachikuda, tengani msoti kapena katambala ka miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Ikakhala yokulirapo, iwiritseni kaye yathunthu mphindi 25 mpaka 30 m'madzi a mchere, adyo ndi anyezi, iume, kenako ipite pa mpani kukangofiirira. Msuziwo musataye, ndi wa nsima.

Mbuzi ikhale yosapitirira chaka, yoti ikasendedwa ilemere makilogalamu 8 mpaka 12. Tonde wokalamba fungo lake silitha ndi mandimu. Ngati n'koyamba, yambani ndi mwendo umodzi wakumbuyo.

Nkhumba muiyang'anitsitse. Mukaona timatuza toyera tonga njere za mpunga m'minofu kapena kunsi kwa lilime, imeneyo ili ndi mphutsi za njoka za m'mimba, musagule. Nyama yotchipa modabwitsa nthawi ya chigodola, kapena nkhuku zogulitsidwa mothamanga chitopa chitavuta m'mudzi, zilekeni.

### 2. Mchere ulowe nthawi ilipo

Mchere wowaza nyama ili kale pamoto umathera pa makala. Yezani magalamu 10 mpaka 12 pa kilogalamu iliyonse ya nyama. Pa nkhuku imodzi ndiye kuti supuni yaikulu imodzi yosasefukira. Sinjani mcherewo pamodzi ndi adyo, jinja ndi kambuzi pang'ono, thirani madzi a ndimu limodzi ndi mafuta masupuni awiri. Pakani m'kati mwa nkhuku ndi pansi pa khungu la pa chidali, polowetsa zala mosamala kuti khungu lisang'ambike. Pa mwendo wa mbuzi, boolani ndi nsonga ya mpeni malo khumi kapena kuposa, mulowetsemo tizidutswa ta adyo.

Ngati muli ndi firiji, igone usiku wonse yosavundikira kuti khungu liume. Khungu louma ndi limene limakhala khirikhiri. Ngati mulibe, nkhuku iphedwe m'mawa wa tsikulo ndipo ikhale ndi mchere ola limodzi pamthunzi, yovundikira. Mbuzi yophedwa madzulo mu Juni kapena Julayi, kuzizira kwa ku Dedza kuja, mukhoza kuipachika usiku m'chipinda chopita mphepo mutaikuta ndi nsalu yoyera, ndipo imafewako kusiyana ndi yongophedwa kumene. Mu Okutobala musayese.

Ena amakulunga nyama yolimba m'masamba a papaya osinja pang'ono. Zimagwiradi, koma maola awiri akwana. Mukapitiriza, kunja kwa nyama kumasanduka phala.

### 3. Tungani ndipo mangani ngati katundu wa pa njinga

Apa ndi pamene ntchito imaonongekera moto usanayake n'komwe. Nyama yaiwisi imagwira chitsulo bwinobwino, mwiniwe n'kumati zatheka. Pakatha ola yafota, yafewa, bowo lakula. Mpani ukuzungulira wokha m'kati, nyama yangolendewera mbali yolemera kuloza ku moto, ndipo mbali imeneyo ndi imene ipserere.

Nkhuku: lowetsani foloko yoyamba pa mpani, mano kuloza pakati, mumange bawuti. Tungani nkhuku kuchokera kumbuyo kutulukira kukhosi, muikankhe mpaka mano alowe m'ntchafu. M'mimba ikanimo anyezi wathunthu kapena ndimu lodula pakati kuti isagwedere. Foloko yachiwiri ilowe m'chidali, muifinye ndithu musanamange. Mapiko amangeni kuthupi ndi chingwe choviika m'madzi, miyendo muipingase n'kuimangirira ku mpani. Chilichonse cholendewera chipsa msanga n'kuthothoka. Nkhuku zikakhala ziwiri zigundane, ina chidali kumwamba, inzake chidali pansi.

Mwendo wa mbuzi: mpani utsate fupa, kuchokera konenepa kutulukira kowonda, mafoloko mbali zonse.

Mbuzi yathunthu: mpani ulowe kumbuyo, udutse m'mimba motsamira msana, utulukire kukhosi. Tsopano chinthu chimene ine ndinachidumpha tsiku lija la chinkhoswe: msana umangiriridwe ku mpani ndi waya malo atatu kapena anayi. Boolani mbali zonse ziwiri za fupa la msana, lowetsani waya kuchokera m'mimba atakumbatira mpani, atulukire kumsana, mupotokole ndi pulayazi mpaka mbuzi ndi chitsulo zikhale chinthu chimodzi. Miyendo yakumbuyo muitambasule n'kuimanga ku mpani, yakutsogolo muipindire pachifuwa. M'mimba ikanimo anyezi ndi mandimu, musoke ndi waya. Werengani mawaya amene mwamanga, mudzawafuna pochotsa.

Linya ndi ulusi wa matumba a feteleza zisayandikire. Zimasungunukira pa nyama.

### 4. Yesani kulemera kwake moto usanayake

Kolekani mpani pa mphanda. Upukuseni pang'ono n'kuusiya, kangapo, malo osiyanasiyana. Ukamaima pamene mwausiya, zili bwino. Ukamathamangira kugwera mbali imodzi yomweyo, solani mutungenso. Pa mbuzi yathunthu kumsana kumalemera nthawi zonse, ndiye mangirirani sipanala kapena bawuti yaikulu pa chogwirira, mbali yoyang'anana ndi kolemerako. Mphindi khumi zimenezi zimapulumutsa mkono wa wopukusa.

### 5. Moto ukhale m'mbali, pakati pakhale thireyi

Yatsani makala mphindi 40 nyama isanapite. Yatsirani mapepala, zitsononkho kapena tinkhuni touma. Jumbo ndi parafini fungo lake limakakamira pa khungu la nkhuku. Dikirani mpaka makala atachita phulusa loyera pamwamba, utsi utatha.

Ndiye akankhireni m'mbali. Pangani mizere iwiri motsata mpani, wina kutsogolo wina kumbuyo, pakati pasakhale khala ngakhale limodzi. Pakatipo ikani thireyi muli madzi pang'ono. Chifukwa chake n'chakuti mafuta akadonthera pa makala amabutsa malawi, malawi amadetsa nyama ndi mwaye n'kuipsereza kunja kutentha kusanafike pafupa. Akadonthera m'thireyi, mwapeza opakira komanso okazingira mbatatesi.

Pa mbuzi yathunthu musayale makala mofanana. Unjikani milu inayi, iwiri moyang'ana mapewa, iwiri moyang'ana ntchafu. Panthiti ndi pamimba m'popyapyala, pamapsa ndi kutentha kochokera ku milu ija. Mukaikapo moto wakewake, nthiti zikhala zitauma ngati nkhuni ntchafu zisanayambe.

Nkhuku ndi mwendo zikhale masentimita 25 mpaka 30 kuchokera pa makala. Mbuzi yathunthu iyambire pa 60, idzatsike pa 40 chakumapeto. Kuyesa moto, ikani dzanja pamene pali nyama n'kuwerenga modekha. Mukalichotsa musanafike pa 4, moto wachuluka. Pa nkhuku muzifika pa 5 kapena 6, pa mbuzi 7 kapena 8.

Mphepo ndiye mdani wathu kuno kumapiri. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mphepo ya mu Juni ndi Julayi imauluza kutentha konse: makala akunyeka msanga, nyama ikuzizira. Chimodzimodzi ku Tsangano ndi ku Bembeke. Imikani lata kumene ikuchokera mphepo, kapena mangani kakhoma ka njerwa mbali zitatu. Koma musathawire m'nyumba kapena m'khitchini yotseka chifukwa cha chisanu. Mpweya wa makala sununkha ndipo umapha.

Za makala, kumbukirani kuti lamulo la zankhalango limafuna chilolezo, ndipo pa marodibuloko a mumsewu wa M1 amalanda. Gulani ovomerezeka, kapena sonkhani nkhuni zouma za bulugamu, mango kapena pichesi pambali, muzitapa makala ake okha ndi fosholo. Paini, ngakhale ali mbwee ku Dedza, ali ndi utomoni umene utsi wake umawawitsa nyama.

### 6. Pukusani modekha

Kuzungulira kamodzi kutenge masekondi 10 mpaka 15, ndiye kuti kanayi mpaka kasanu ndi kamodzi pa mphindi. Mukafika pa liwiro limeneli muona mafuta akuyenda mozungulira nyama m'malo modontha. Ana amakonda ntchitoyi mphindi zisanu zoyamba, kenako amapukusa ngati chopukusira chimanga, kenako athawa. Panganani akuluakulu atatu oti muzilandizana, ndipo wa pa mpani chakumwa chake chidikire. Ife Angoni nyama ndi mowa timati n'zapachibale, koma mbuzi zambiri zapserera pa ubale umenewu.

Mbuzi yathunthu, poti ili patali ndi moto, mukhoza kumaitembenuza gawo limodzi la magawo anayi pa mphindi ziwiri kapena zitatu zilizonse, n'kukoleka chogwirira ndi waya. Nkhuku ili pafupi, siyimitsidwa.

Amene akufuna mota, ambiri amatenga ya waipa ya galimoto, ya mavoti 12, n'kuilumikiza ku batire. Ili ndi mphamvu koma imathamanga kwambiri, kangapo kuposa liwiro lofunika. Tcheni cha njinga chokha, giya ya mano 18 ku mota ndi ya mano 44 ku mpani, chimachepetsa liwiro kosakwana katatu, ndiye sichikwanira. Pamafunika magiya owirikiza kawiri, kapena lamba wochokera pa kapule kakang'ono (kagudumu koyendapo lamba) kupita pa limu ya njinga. Batire ndi mawaya zikhale kuseri kwa lata. Chogwirira chamanja musachidule, mota imafa tsiku la alendo.

### 7. Onjezerani makala, pakani mafuta

Mphindi 30 mpaka 40 zilizonse tapani makala oyaka kale pa mbaula ija n'kuonjezera pa milu. Makala akuda othira pamoto amauzizira, amafuka, amathetheka.

Sakanizani mafuta, madzi a mandimu, adyo ndi mchere pang'ono. Pakani ndi kansalu koyera komangirira ku ndodo mphindi 20 kapena 30 zilizonse. Mbuzi ilibe mafuta ambiri, imafuna kupakidwa kuposa nkhuku. Chilichonse cha shuga, uchi kapena tomato sosi chidikire mphindi 15 zomaliza, apo ayi chida nyama isanapse. Zokometsera zimene munali nyama yaiwisi, ziwiritseni kaye musanapakire.

Kukatsala mphindi 40, thirani m'thireyi mbatatesi zowiritsa pang'ono, zija za pa Lizulu, pamodzi ndi anyezi. Zipse mpaka zifiire chifukwa zalandira madzi a nyama yosapsa. Nthutumba ndi chiwindi zikazingireni momwemo. Nkhuku yofika pa mbale ya abambo yopanda nthutumba, mlandu wake mukuudziwa.

### 8. Dziwani kuti yapsa

Nthawi izi n'zongokutsogolerani, mphepo ikhoza kuonjezera theka la ola kapena kuposa:

- nkhuku ya kilogalamu 1.5: ola limodzi ndi mphindi 15 mpaka ola ndi theka
- mwendo wa mbuzi wa makilogalamu 2: maola awiri mpaka awiri ndi theka
- mbuzi yathunthu ya makilogalamu 10: maola anayi mpaka asanu

Mtundu wa khungu usakunamizeni. Ndi themomita, bayani ponenepa pa ntchafu osakhudza fupa kapena mpani. Nkhuku ifike madigiri 74 a Celsius (°C). Nkhumba isatsike pa 71. Mbuzi imafewa bwino ikafika 75 mpaka 80 pa ntchafu, ndipo mapewa amakoma akapitirirako.

Popanda themomita, bayani mpeni pamene ntchafu ya nkhuku yalumikizana ndi thupi. Madzi otuluka akhale oyera, osati ofiirira, ndipo mwendo uzigwedera mosavuta. Pa mbuzi, lowetsani mpeni wowonda mpaka pafupa, werengani mpaka 10, solani n'kuugunditsa kuseri kwa dzanja. Ukhale wotentha moti simungausiyepo. Ukangokhala wofunda, bwezerani makala.

Ngati kunja kwafiira kale m'kati musanapse, kwezani mpani pokoleka papamwamba, chepetsani makala, kutani malo opsawo ndi foyilo. Ngati m'kati mwapsa koma khungu lili mbuu, tsitsani mpani, sendezani makala pafupi kwa mphindi khumi, maso ali pomwepo.

### 9. Ipume musanadule

Mpani ndi wotentha kuposa mmene ukuonekera. Gwirani ndi nsanza zouma, anthu awiri ngati ili mbuzi. Ikani m'mbale yoyera, osati ija munanyamuliramo yaiwisi. Nkhuku ipume mphindi 10 mpaka 15, mwendo 20, mbuzi yathunthu theka la ola, yovundikira mopepuka. Mukaidula nthawi yomweyo madzi onse athera m'mbale. Chotsani mawaya onse, muwerenge ngati akwana. Mbuzi idulidwe mopingasa minofu, tizidutswa topyapyala.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kuyamba mochedwa. Ngati anthu adya 1 koloko, mbuzi yathunthu ikhale ili pamoto 7 koloko m'mawa, kutanthauza kuti kutunga ndi kumanga kuyambe kusanache bwino. Amene wayamba 10 koloko amayamba kuthira makala mothamanga anthu akamayang'ana ku mpani, ndipo mapeto ake ndi aja a pa chinkhoswe.

Kuika nkhuku youma ndi ayezi. Kunja kupsa, m'kati mukadali madzi oundana. Isungunukiretu m'firiji usiku wonse, kapena m'madzi ozizira osinthasintha.

Kudzaza mimba ya nkhuku ndi mpunga kapena nyama yogaya. Zimatchinga kutentha, ndipo zimatsala zosapsa nkhuku itapsa.

Kubaya-baya ndi foloko pofuna kuona ngati yapsa. Bowo lililonse ndi potulukira madzi. Bayani kamodzi kapena kawiri, nthawi itayandikira.

Kuzimitsa malawi ndi madzi. Phulusa lonse limaulukira pa nyama. Kankhani makala ndi fosholo, kapena wazani mchenga pang'ono pamene payaka.

Kusamangitsanso. Pakatha ola imitsani pang'ono, finyani mafoloko, potokolaninso mawaya, chifukwa nyama yafota.

Kucheka zolawa nyama ikadali pa mpani. Achimwene abwera ndi mpeni, alamu nawo abwera, mbali imodzi yapepuka, mpani wayamba kudumpha. Awotchereni chiwindi pa mbaula akhale chete.

Mpeni umodzi ndi thabwa limodzi pa nyama yaiwisi ndi pa saladi. Kabichi ndi tomato sizipita pamoto, ndiye tizirombo ta nkhuku yaiwisi timafika m'mimba tamoyo. Tsukani ndi sopo, m'manja momwe.

Kusiya yotsala pa mpani mpaka madzulo. Pasanathe maola awiri ichotseni ku mafupa, ilowe m'firiji, kapena muiwiritse usiku womwewo n'kuitenthetsanso bwino m'mawa. Mpani muukweche ukadali wofunda, muupake mafuta ophikira, muusunge pouma, chifukwa chinyontho cha kuno chimauchititsa dzimbiri sabata isanathe.